Gomani II: Woweruza Amene Anasanduka Woimbidwa Mlandu

Ukatenga ndalama yapepala ya K50 yomwe inatuluka mu 2012, uona nkhope ya bambo wa ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Ameneyu ndi Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko.

Philip anali kamwana mu 1896 pamene asilikali a Angerezi anapha bambo ake, Gomani I. Ufumu unaphwasuka, ndipo panapita zaka zambiri mpandowo usanabwerere mwakale. Atakula analongedwa ufumu, ndipo mu 1933 boma la atsamunda litakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu mabwalo a milandu, iye anakhala mmodzi mwa oweruza ovomerezeka. Milandu ya maukwati, malire a minda, ngongole ndi ndewu inkathera pamaso pake. Analinso Mkhristu wa mpingo wa Seventh-day Adventist.

Udindowu unali ndi minga yake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linakhwimitsa malamulo a malimidwe. Mlimi wosaunda mizere yopingasa kapena wosakumba migula ankalipitsidwa, ena kumangidwa kumene, ndipo ambiri mwa milandu imeneyi inkazengedwa m'mabwalo a mafumu. Motero mfumu inkalanga anthu ake omwe pa malamulo amene iwo sanafunsidwepo maganizo.

Zinthu zinafika posauzana mu 1953, pamene boma la Britain linatsimikiza zophatikiza Nyasaland ndi Northern Rhodesia komanso Southern Rhodesia m'chitaganya, ngakhale mafumu ndi chipani cha Nyasaland African Congress anakanitsitsa. Gomani anauza anthu ake kuti aleke kutsata malamulo a malimidwe, osagwiritsa ntchito nkhondo kapena chibonga. Atalamulidwa kuti abweze mawuwo, anakana. Boma linamuimitsa paufumu n'kulamula kuti achotsedwe ku Ntcheu.

Apolisi atafika ku Lizulu m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, khamu la anthu linawatchingira. Mfumuyo, ili yodwala kale, inawoloka malire kulowa m'Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa wa mpingo wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi anawagwira n'kuwapereka kwa Angerezi. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, pomwe Gomani anakagonekedwa pachipatala cha Malamulo ku Thyolo, ndipo anamwalira mu 1954 asanabwezeredwe mpando wake. Chitaganya chija chinatha mu 1963.

Gomani ankadziwa bwino zimene boma limachita ndi mfumu yosamvera, poti bambo ake anafera zomwezo. Akanatha kungokhala chete n'kumalandirabe malipiro ake mpaka ukalamba. Ophunzira amene mawa mudzakhala maloya, oweruza kapena aphungu, funso lomwe iye anakumana nalo lidzakupezani: lamulo likayamba kupweteka anthu amene likuyenera kuwateteza, inu amene mwapatsidwa kuti muligwiritse ntchito mudzatani?