Marc Armand Ruffer

Sir Marc Armand Ruffer (29 Ogasiti 1859 – 15 Epulo 1917) anali dokotala komanso katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda. Anabadwira ku France, anaphunzira udokotala ku England, ndipo anagwira ntchito ku Egypt kwa zaka zoposa 20. Amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chopeza njira yofewetsera minofu ya mitembo yakale youmitsidwa kuti itheke kuyezedwa pa maikulosikopu. Pogwiritsa ntchito njirayi, mu 1910 anapeza mazira a nyongolotsi za likodzo mu impso za anthu awiri amene anamwalira zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Akatswiri amamutenga ngati mmodzi wa oyambitsa paleopathology, sayansi yofufuza matenda m'mafupa ndi m'mitembo ya anthu ndi nyama zakale.

Ubwana ndi maphunziro

Ruffer anabadwira mumzinda wa Lyon, m'banja lolemera la eni mabanki. Mayi ake anali ochokera ku Germany. Sukulu anayambira ku France ndi ku Germany, kenako anapita ku Brasenose College ya pa yunivesite ya Oxford. Udokotala anaphunzira ku University College London.

Atamaliza maphunzirowa anapita ku Paris kukagwira ntchito ku Institut Pasteur, pansi pa Louis Pasteur ndi Élie Metchnikoff. Inali nthawi imene madokotala anali atangoyamba kuvomereza kuti matenda ambiri opatsirana amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Robert Koch anali atapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo Metchnikoff ankafufuza mmene maselo oyera a m'magazi amamezera tizilombo tolowa m'thupi. Kumeneko Ruffer anazolowera ntchito yodula minofu mopyapyala, kuipaka utoto ndi kuiunika pa maikulosikopu. Mu 1890 anakwatira Alice Mary Greenfield, amene pambuyo pake ankamuthandiza pa kafukufuku wake.

Ntchito yake ku London

Mu 1891 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la British Institute of Preventive Medicine, limene pambuyo pake linatchedwa Lister Institute. Ruffer ndiye anakhala mkulu wake woyamba. Ntchito yaikulu ya nthawiyo inali kulimbana ndi diphtheria, matenda otseka kummero amene ankapha ana ambiri ku Ulaya. Mankhwala ake ankapangidwa kuchokera ku magazi a hatchi yobayidwa poizoni wa kachilomboka pang'onopang'ono, ndipo Ruffer anali mmodzi wa anthu oyamba kupanga mankhwalawa ku Britain mu 1894.

Ali mkati mwa ntchitoyi, iye anatenga diphtheria. Poizoni wa matendawa amawononga minyewa, choncho ngakhale anapulumuka, ziwalo zake zina zinafooka kwambiri. Anatula pansi udindo wake n'kupita ku Egypt kuti akapezeko bwino kumalo otentha. Sanabwererenso kukakhazikika ku England.

Kulimbana ndi miliri ku Egypt

Mu 1896 Ruffer anasankhidwa kukhala pulofesa wa za mabakiteriya pa sukulu ya udokotala ya boma ku Cairo. Mu 1901 anakhala wapampando wa khonsolo yoona zaumoyo wa m'madoko ndi zobindikiritsa apaulendo odwala, imene likulu lake linali ku Alexandria. Analinso m'gulu la akatswiri amene anatumizidwa ku India kukafufuza za mliri wa makoswe.

Udindo wa ku Alexandria unali waukulu. Chitsegulireni ngalande ya Suez mu 1869, sitima zambiri zochokera ku India zinkadutsa ku Egypt popita ku Ulaya, ndipo chaka chilichonse anthu zikwizikwi ankadutsanso m'dzikoli popita ndi pobwera ku Haji ku Mecca. Mu 1865 kolera anali atafika ku Alexandria kudzera mwa apaulendo a ku Haji n'kufalikira mpaka ku Ulaya. Pofuna kupewa zimenezi, apaulendo ankayamba asungidwa kwa masiku angapo pamalo otchedwa El Tor, m'mbali mwa nyanja ku Sinai, kumene ankayezedwa ndipo zovala ndi katundu wawo zinkathiridwa mankhwala. Malowa anali m'manja mwa khonsolo ya Ruffer, ndipo iye anayesetsa kuwakonza. Pamalo omwewa, mu 1905, dokotala wa ku Germany Felix Gotschlich anapeza mtundu wina wa kachilombo ka kolera umene unapatsidwa dzina la El Tor. Mtundu umenewu ndi umene unayambitsa mliri wa kolera wa padziko lonse umene unayamba ku Indonesia mu 1961, n'kufika ku Africa mu 1970 ndi ku Malawi mu 1973.

Chiyambi cha kafukufuku wa mitembo

Aiguputo akale ankaumitsa mitembo ndi mchere wotchedwa natron n'kuikulunga m'nsalu, ndipo mchenga wouma wa m'chipululu unkasunganso matupi a anthu wamba amene sanakonzedwe mwa njira imeneyi. Mu 1907 boma linayamba kukweza damu la Aswan. Popeza madzi akanamiza manda ambiri a m'chigawo cha Nubia, akatswiri anatumizidwa kukafukula mandawo madzi asanafike. Grafton Elliot Smith, pulofesa wa kapangidwe ka thupi ku Cairo, pamodzi ndi Frederic Wood Jones, anayeza mitembo ndi mafupa zikwi zingapo. Iwo ankayang'ana makamaka zimene maso angathe kuona, monga mafupa othyoka ndi mfundo zotupa.

Matenda ambiri opatsirana amapha munthu msanga osasiya chizindikiro pa fupa. Zizindikiro zake zimatsala m'mapapo, m'chiwindi, mu impso ndi pakhungu. Koma minofu ya mtembo woumitsidwa imakhala yolimba ngati chikumba chouma, ndipo ikadulidwa imangofumbutuka. Mu 1852 Johann Czermak anali atayesapo kuunika minofu yotere pa maikulosikopu, koma panalibe njira yodalirika yoti ena n'kutsatira.

Ruffer atayesa mankhwala osiyanasiyana anapeza msakanizo woyenera: magawo 50 a madzi, magawo 30 a alikoholo ndi magawo 20 a madzi osungunuliramo soda pang'ono. Soda ankafewetsa mnofu kuti uyamwe madzi, pamene alikoholo ankauteteza kuti usasungunuke. Kachidutswa ka mnofu kakafewa, ankakalimbitsanso mu alikoholo, kukaika mu phula, kukadula mopyapyala ndi kukapaka utoto monga amachitira ndi mnofu wa munthu amene wangomwalira kumene. Zotsatira zoyamba anazifalitsa mu 1909. Msakanizowu umadziwikabe ndi dzina lake, ndipo akatswiri ena amaugwiritsabe ntchito atausintha pang'ono.

Zimene anapeza

Likodzo. Nyongolotsi yoyambitsa likodzo inapezeka mu 1851 ndi dokotala wa ku Germany Theodor Bilharz pa chipatala cha Kasr el-Aini ku Cairo. Nyongolotsiyi imakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake amaboola mnofu n'kutuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake wodwala amakodza magazi. Mazira ena amakanirira m'thupi n'kuuma ngati miyala. Okonza mitembo nthawi zambiri ankasiya impso m'thupi, choncho Ruffer anatha kuyeza impso za mitembo 6 ya nthawi ya mzera wa mafumu wa nambala 20, cha pakati pa 1250 ndi 1000 BC. M'mitembo iwiri anapezamo mazira ambiri a likodzo. Nkhaniyi inatuluka mu British Medical Journal mu 1910. Pa nthawiyo zinali zisanatsimikizike kuti likodzo la ku Egypt limadutsa mu nkhono za m'madzi. Zimenezi anazionetsa ndi Robert Leiper mu 1915. Mtundu umene Ruffer anapeza, Schistosoma haematobium, ndi womwewo umene umavutitsa anthu ambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi m'madera ena a mu Africa mpaka lero.

Chifuwa chachikulu. Mu 1910 momwemo Ruffer ndi Elliot Smith anafotokoza za mtembo wa Nesparehan, wansembe wa mulungu Amun wa nthawi ya mzera wa mafumu wa nambala 21. Mafupa ena a msana wake anali atadyeka n'kuphwanyika, moti msana unapindika n'kupanga linunda. Mkati mwa thupi, m'munsi mwa msana, munali thumba lalikulu limene munkakhala mafinya. Zizindikirozi ndi za TB ya msana, ndipo mtembowu umatchulidwabe m'mabuku ngati umboni wakuti chifuwa chachikulu chinaliko ku Egypt wakale.

Nthomba. Mu 1911 Ruffer ndi A. R. Ferguson anayeza khungu la mtembo wina wa mzera wa nambala 20 limene linali ndi matuza ambiri ofanana ndi a nthomba. Iwo anangonena kuti matuzawo akufanana ndi a nthomba, osati kuti ndi nthomba ndithu. Matuza otere amaonekanso pankhope ya mtembo wa Farao Ramesses V, amene anamwalira cha m'ma 1145 BC.

Matenda ena. Ruffer anaona zizindikiro za chibayo ndi mwaye m'mapapo, mabakiteriya m'minofu, mano obooka ndi operepeseka, ndiponso matenda a mfundo za mafupa. M'mitembo ya Akhristu a ku Egypt a m'zaka za m'ma 400 AD anapeza akapamba otupa, ndipo anaganiza kuti mwina anali malungo. Mu 1911 analembanso za mitsempha ya magazi youma ndi yodzaza mafuta, zimene zinasonyeza kuti matendawa sanayambe ndi moyo wamakono.

Mawu akuti paleopathology anali atagwiritsidwapo ntchito ndi R. W. Shufeldt wa ku America, koma anafala Ruffer atawatanthauzira mu 1913 ngati sayansi ya matenda amene angathe kuonetsedwa m'zotsalira za anthu ndi nyama zakale. Mfundo yake inali yakuti zolemba ndi zithunzi zakale sizikwanira, chifukwa dzina limodzi limatha kuimira matenda angapo. Umboni weniweni uyenera kuchokera m'thupi la wodwalayo.

Nkhondo ndi imfa yake

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba mu 1914, Ruffer anakhala mkulu wa ntchito za Red Cross ya Britain ku Egypt. Mu 1916 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Kenako anapita ku Salonika, ku Greece, kukathandiza kukonza ntchito zaumoyo. Pobwerera anakwera Arcadian, sitima yonyamula asilikali. Pa 15 Epulo 1917, pafupi ndi chilumba cha Milos m'nyanja ya Aegean, sitimayi inaphulitsidwa ndi sitima ya ku Germany yoyenda pansi pa madzi, ndipo inamira m'mphindi zochepa. Anthu oposa 270 anafa, mmodzi mwa iwo anali Ruffer. Anali ndi zaka 57.

Mkazi wake anasonkhanitsa zimene iye analemba, ndipo Roy L. Moodie wa ku America anazikonza kukhala buku lotchedwa Studies in the Palaeopathology of Egypt, limene linasindikizidwa ku Chicago mu 1921.

Kufunika kwa ntchito yake

Ruffer atamwalira, kafukufuku wa minofu ya mitembo anazilala kwa zaka zambiri, mpaka pamene bungwe la Paleopathology Association linakhazikitsidwa mu 1973. Zambiri zimene iye anapeza zinatsimikizika pambuyo pake. Mu 1974 mazira a likodzo anapezekanso mu mtembo wa Nakht, mnyamata wowomba nsalu wa ku Egypt wakale, umene unayezedwa ku Toronto. Mu 2013 kafukufuku wa mitembo 137 ya m'madera anayi a dziko lapansi, wogwiritsa ntchito makina a CT, anapeza zizindikiro za kuuma kwa mitsempha m'mitembo 47. Mu 2014 dzira la likodzo la zaka zoposa 6,000 linapezeka m'manda a ku Tell Zeidan ku Syria, dera limene anthu anali atayamba ulimi wothirira.

Njira ya Ruffer inali ndi malire ake. Maikulosikopu amaonetsa maonekedwe okha, ndipo mabakiteriya oola mtembo amatha kufanana ndi amene anapha munthuyo. Masiku ano akatswiri amawerenga DNA ya tizilombo yotsala m'mano, m'mafupa ndi m'minofu. Mu 2005 anamaliza kuwerenga chibadwa cha kachilombo ka chimfine cha mu 1918, mothandizidwa ndi mapapo a mtembo wokwiriridwa m'nthaka youndana ku Brevig Mission ku Alaska. Mu 2011 anawerenga chibadwa cha bakiteriya wa mliri wa makoswe kuchokera m'manda a ku London a m'zaka za 1348 mpaka 1350. Mu 2014 mafupa a ku Peru a zaka pafupifupi 1,000 anasonyeza mtundu wa TB wofanana ndi wa akatumbu a m'nyanja. Zotere zimathandiza kudziwa nthawi imene kachilombo kanachoka ku nyama n'kulowa mwa anthu, mmene kamasinthira, ndi zimene zimachititsa kuti matenda akale abukenso.

Kagwiridwe ka mitembo nakonso kanasintha. M'nthawi ya Ruffer, Egypt inali pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo mitembo inkavundukulidwa ndi kudulidwa mosavuta. Lero ofufuza amayenera kupeza chilolezo kwa boma la dzikolo, amayamba ndi makina ounika mkati osadula thupi, ndipo akafuna mnofu amangotengako kachidutswa kakang'ono.