Joseph Haydn, Mmisiri wa Sonata

Joseph Haydn adabadwa m'chaka cha 1732 m'mudzi wa Rohrau, m'dziko la Austria. Atate ake anali mmisiri wopanga mikombero ya ngolo. Popeza mwanayo anali ndi mawu okoma, m'chaka cha 1740 adamtenga kukaimba m'kwaya ya Katedrale ya Stefano Woyera ku Vienna. Koma mu 1749, mawu aubwana atamthera, adamchotsa, nasanduka mmphawi wosowa ndi pogona pomwe. M'zaka zaumphawizo adadziphunzitsa yekha luso lopeka nyimbo, makamaka posanthula masonata a Carl Philipp Emanuel Bach. Mu 1761 adalowa ntchito kwa akalonga a banja la Esterházy, nayang'anira oimba awo pafupifupi zaka 30.

Kumeneko ndiko adakhwimitsa mamangidwe a sonata. Sonata ya piyano kawirikawiri imakhala ndi zigawo zitatu: choyamba chofulumira, chachiwiri chodekha, chachitatu chofulumiranso. Koma simfone, imene ili ngati sonata ya gulu lonse la zoimbira, imakhala ndi zinayi, pakuti amaonjezapo gule wotchedwa minueti. Chigawo choyamba ndicho mutu wa zonse. Wopeka amayamba wayala nyimbo yake m'kiyi yoyamba, nasamukira m'kiyi ina. Kenaka amaiduladula ndi kuiyendetsa m'makiyi achilendo. Potsiriza amabweza zonse m'kiyi yoyamba ija, kuti womvera apumule ngati wapaulendo wofika kwawo.

Iye amene adadziwa lamuloli adadziwanso nthawi yolithyola. Mu 1772 kalonga Nikolaus adachedwa kunyumba yake ya kumudzi, oimba nakhala miyezi yambiri osaona akazi ndi ana awo. Haydn sadakangane ndi mbuye wake, koma adapeka simfone imene chigawo chake chotsiriza chimaleka liwiro, nichitha modekha. Oimba ankazima nyali zawo ndi kutuluka mmodzimmodzi, mpaka padatsala awiri okha. Kalonga adamva tanthauzo lake, nawalola kupita kwawo.

Atakalamba adapita kawiri ku London, mu 1791 ndi mu 1794, ndipo Beethoven yemwe adaphunzira kwa iye. Masimfone ake amapitirira 100, masonata a piyano amapitirira 50. Anali mkhristu wokonda kolona, wozolowera kuyamba zolemba zake m'dzina la Ambuye ndi kuzitsiriza potamanda Mulungu. Adamwalira ku Vienna pa 31 Meyi 1809, ankhondo a Napoleon ali mumzindamo.