Dokotala John Snow ndi Mjigo wa mu Broad Street

John Snow adabadwa pa 15 Malichi, 1813, mu mzinda wa York kumpoto kwa dziko la England. Iye adali mwana wachisamba m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo bambo ake adali munthu wamba wogwira ntchito pabwalo la malasha. Atakwana zaka 14 adapita ku Newcastle kukaphunzira udokotala kwa William Hardcastle. M'chaka cha 1832, kolera itabuka, mnyamatayu adatumidwa kukathandiza odwala ku mgodi wa malasha wa Killingworth. Kumeneko adadzionera yekha ukali wa nthendayi: munthu ankatsekula m'mimba ndi kusanza kosalekeza, thupi nkuuma, mwina nkutsirizika tsiku lomwelo. Adaonanso kuti mumgodimo mudalibe zimbudzi, ndi kuti anthu ankadya osasamba m'manja. Zimenezi sadaziiwale.

M'chaka cha 1836 adapita ku London kukapitiriza maphunziro, ndipo mu 1844 adalandira digiri ya udokotala. Kutchuka kwake koyamba kudadza chifukwa cha luso lake pa mankhwala ogoneka munthu pochitidwa opaleshoni. Mu 1853 ndiye adapatsa Mfumukazi Victoria mankhwala a chloroform pobadwa mwana wake Leopold.

Komabe mtima wake udali pa kolera. Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha wochokera ku zinthu zowola. Snow sadavomereze zimenezi. Adalingalira kuti nthenda yolowera m'mphuno ikadayambira m'mapapo, pamene kolera imayambira m'matumbo. Motero choyambitsa chake chiyenera kukhala chinthu chimene munthu amameza, chochokera m'chimbudzi cha wodwala mnzake. Adalemba maganizowa m'kabuku mu 1849, koma owalabadira adali ochepa.

Mpata woyesa maganizo ake udapezeka mu 1854. Pa 31 Ogasiti kolera idabuka ku Soho, dera la London lomwe iye ankakhala pafupi nalo. M'masiku atatu okha anthu 127 adamwalira, ndipo pofika pa 10 Sepitembala maliro adakwana 500. Amene adali ndi kothawira adathawa. Snow adatenga mndandanda wa omwalira nayamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi akumwa. Mayankho ambiri adaloza malo amodzi, mjigo wa mumsewu wa Broad Street, umene anthu ankaukonda chifukwa cha kukoma kwa madzi ake.

Safunsa adadya phula. Snow adafunsanso za anthu amene nthendayi idawalambalala. M'nyumba yosungiramo amphawi ya mu Poland Street mudali anthu 535, koma omwalira adali asanu okha; nyumbayi idali ndi chitsime chakechake. Pa fakitale yofulula mowa ya mu Broad Street momwemo padalibe wantchito ndi mmodzi yemwe amene adafa, pakuti iwo sankamwa madzi a pamjigopo. Umboni wina udachokera kutali, ku Hampstead, kumene kudalibe mliri. Mayi wina wamasiye wa kumeneko adafa ndi kolera, ndipo zidadziwika kuti ankaitanitsa madzi a mu Broad Street m'botolo lalikulu chifukwa adawazolowera kale. Wachibale wake amene adadzacheza namwako madziwo adafanso atabwerera kwawo ku Islington.

Madzulo a pa 7 Sepitembala Snow adakaonekera pamaso pa akuluakulu oyang'anira dera la St James nawafotokozera zimene adapeza. Iwo sadakhutire kwenikweni, komabe m'mawa mwake adalamula kuti mkono wa mjigowo uchotsedwe. Apa mpofunika kunena zoona: mliri udali utayamba kale kuchepa, popeza anthu ambiri adali atathawa, ndipo Snow mwini wake adavomereza zimenezi. Onse omwalira adakwana 616. Pambuyo pake adajambula mapu a deralo, naika kamzere kakuda pa nyumba iliyonse kuimira munthu mmodzi wakufa. Timizereto tidaunjikana mozungulira mjigo uja.

Funso lidatsala lidali lakuti zonyansa zidalowa bwanji m'chitsimecho. Yankho lidadza ndi mbusa wachinyamata wa m'deralo, Henry Whitehead, amene poyamba adafuna kutsutsa Snow. Popeza ankadziwa mabanja onse, adafufuza mwakhama mpaka adatembenuka mtima. Mu 1855 adatulukira kuti m'nyumba nambala 40 mudadwala khanda mliri usadabuke, ndipo mayi wake ankataya madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa la pakhomopo. Atakumba adapeza kuti dzenjelo lidatalikirana ndi chitsime mosakwana mita imodzi, ndi kuti njerwa zake zidali zitafumbutuka, kotero kuti zonyansa zinkadontha kulowa m'madzi akumwa. Mutu umodzi susenza denga: dokotala adaloza chitsime, mbusa adapeza polowera nthenda.

Chaka chomwecho cha 1854 Snow adafananitsanso nyumba za kum'mwera kwa London zolandira madzi ku makampani awiri. Kampani ya Southwark and Vauxhall inkatunga mu mtsinje wa Thames pamalo othirako zonyansa za mumzinda, pamene ya Lambeth idasamukira kumtunda mu 1852. Pa nyumba 10,000 zilizonse, kampani yoyambayo idali ndi imfa 315, yachiwiriyo 37 zokha.

Ngakhale umboni udali wotere, akuluakulu a zaumoyo adakakamirabe pa nkhani ya mpweya woipa, ndipo patapita nthawi mkono wa mjigo udabwezedwapo. Snow adamwalira pa 16 Juni, 1858, ndi nthenda yofa ziwalo, ali ndi zaka 45, maganizo ake asadalandiridwe. Kachilombo ka kolera sadakaone. Filippo Pacini wa ku Italy adakaona mu 1854 koma sadamvedwe, kufikira Robert Koch adakatsimikiza mu 1884 ku India.

Njira imene Snow adatsata ndiyo imatsatidwabe madzi a pamudzi akaipitsidwa: kuwerenga odwala, kufunsa kumene amatunga, kutseka chitsime chokayikitsa mosadikira, kenaka kufunafuna polowera zonyansa. Iye adasonyeza kuti madzi oyera m'maso ndi okoma m'kamwa angathe kupha. Msewu uja tsopano umatchedwa Broadwick Street, ndipo pali mjigo wachikumbutso wopanda mkono.