Edith Stoney: mayi amene ankapeza chipolopolo ndi masamu

Msodzi wa ku Senga Bay akathyoka mkono pokokera bwato kumtunda, kapena wakabaza akagwa pamsewu wolowera ku Salima Boma, achibale amathamangira naye kuchipatala, ndipo mawu amene onse amadikira ndi akuti akamujambule X-ray. Chithunzi chikatuluka, ulemu umapita kwa dokotala amene wachiyang'ana n'kuloza pamene fupa laduka. Ndi ochepa amene amafunsa za munthu amene amayeza makinawo kuti azitulutsa mphamvu yokwanira kuonetsa fupa koma yosavulaza wodwala. Ntchito imeneyo ili ndi eni ake, akatswiri a fizikisi ya zachipatala, ndipo olemba mbiri ya ntchitoyi amati mkazi woyamba kuigwira anali Edith Anne Stoney wa ku Ireland.

Edith anabadwa pa 6 Januwale 1869 mumzinda wa Dublin, m'banja limene sayansi inali nkhani ya pachakudya. Bambo ake, George Johnstone Stoney, ndiwo anapereka dzina lakuti electron ku kachinthu kochepetsetsa kamene kamanyamula mphamvu ya magetsi. Dzinalo analitchula mu 1891, asayansi asanakaone n'komwe kachinthuko, ndipo mpaka lero mwana aliyense wa sekondale amaliloweza. Mayi ake anamwalira iye akali wamng'ono. Mlongo wake Gerald anadzakhala injiniya, pamene mng'ono wake Florence, wobadwa mu 1870, anaphunzira udokotala. Moyo wa Edith sungafotokozeke popanda Florence, chifukwa awiriwa anayenda limodzi kuyambira kuubwana mpaka imfa itawalekanitsa.

Mutu wake unali wa masamu. Anapita ku koleji ya akazi ya Newnham ku Cambridge, ndipo mu 1893 anakhoza m'gulu loyamba mayeso a masamu a yunivesiteyo, amene panthawiyo ankaopedwa m'dziko lonse la Britain. Komabe digiri sanalandire. Yunivesite ya Cambridge inkalola akazi kumvetsera maphunziro ndi kulemba mayeso ofanana ndi a amuna, koma pepala la digiri linali la amuna okha. Mu 1897 nkhaniyi itapita kuvoti, amuna a payunivesitepo anaikana, ndipo ophunzira anakondwerera m'misewu atapachika chidole cha mkazi wokwera njinga. Chinawombola akazi ngati Edith chinali koleji ya Trinity ya kwawo ku Dublin, imene kuyambira 1904 inayamba kupereka madigiri kwa akazi amene anamaliza maphunziro ku Cambridge ndi ku Oxford. Akazi mazanamazana anawoloka nyanja pasitima kukatenga mapepala awo, ndipo Edith naye digiri yake anaitengera kumeneko.

Atachoka ku Cambridge anagwirako ntchito yowerengetsa masamu a makina kwa Charles Parsons, injiniya wotchuka amene mlongo wake Gerald ankagwira naye ntchito, kenaka anaphunzitsa masamu pasukulu ya atsikana ku Cheltenham. Mu 1899 anamulemba ntchito yophunzitsa fizikisi ku London School of Medicine for Women, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1874 chifukwa sukulu zina za udokotala zinkakaniza akazi pakhomo. Labotale anaikonza yekha, ndipo maphunziro ake anawalemba yekha.

Inali nthawi imene zipatala zinali kudabwa ndi chinthu chatsopano. Mu Novembala 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira cheza chosaoneka chimene chimapyola mnofu koma n'kutsekeka ndi fupa kapena chitsulo. Posadziwa kuti chinali chiyani, anachitcha X. Madokotala anaona msanga phindu lake, koma makinawo anali a nkhuli ndi a mwano: botolo lagalasi losachedwa kusweka, magetsi amphamvu othetheka, ndi mbale zagalasi zojambulirapo zofunika kuzitsuka m'chipinda chamdima. Ambiri mwa amene anayamba kuwagwiritsa ntchito anapsa manja, ena anadulidwa zala, ena anafa ndi khansa. Panafunika munthu wodziwa thupi ndi wina wodziwa magetsi. Mu 1902, Florence ndi Edith anatsegula nthambi ya X-ray pachipatala cha Royal Free ku London, wina akuyang'ana wodwala, wina akuyang'ana makina.

Zikanathera pamenepo, Edith akanakumbukika ngati mphunzitsi wakhama basi. Koma mu Ogasiti 1914 kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondo imeneyi sinali ya kutali kwa anthu a kunyanja kuno: mwezi womwewo sitima ya Angelezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, tsidya la Tanzania la nyanja yomwe ino, ndipo m'zaka zotsatira amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga. Ku London, Edith ndi Florence anapita ku ofesi yoona za nkhondo kukadzipereka, ali ndi luso lawo ndi zipangizo zomwe. Anawabweza chifukwa anali akazi.

Sanali okha obwezedwa. Dokotala wa ku Scotland, Elsie Inglis, atakanidwanso chimodzimodzi, anakhazikitsa bungwe la Scottish Women's Hospitals n'kulipereka ku maiko a France ndi Serbia, amene analandira ndi manja awiri. M'zipatala za bungweli pafupifupi aliyense anali mkazi, kuyambira wochita opaleshoni, woyendetsa ambulasi mpaka wophika. Mu 1915 Edith anasiya ntchito yake ya uphunzitsi ali ndi zaka 46, n'kupita kuchipatala chamatenti cha mabedi 250 pafupi ndi mzinda wa Troyes ku France. Ndalama zoyendetsera chipatalacho zinasonkhedwa ndi akazi a makoleji a Girton ndi Newnham, omwe aja amene Cambridge inkawamana digiri.

Apa ndi pamene masamu ake anakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Msilikali wolasidwa ankabwera ndi chipolopolo kapena chidutswa cha bomba m'ntchafu, m'chifuwa kapena pafupi ndi msana. Chithunzi chimodzi cha X-ray chimaonetsa kuti chitsulo chilimo, koma sichinena kuti chalowa mozama bwanji, pakuti chithunzi n'chafulati. Dokotala wodalira chithunzi chimodzi ankacheka mongofufuza, bala n'kumakula, magazi n'kumatayika. Edith ankajambula kawiri, atasuntha botolo la cheza pang'ono pakati pa zithunzi ziwirizo. Mthunzi wa chitsulo unkasuntha nawo, ndipo kukula kwa kusunthako kunkaulula kuya kwake. Asodzi a ku Salima amadziwa nzeru yofanana nayo: wotchera ukonde kutali ndi gombe sayang'ana chizindikiro chimodzi, amalunjika phiri la Senga mbali ina ndi chilumba cha Namalenje mbali ina, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali ukonde wake. Edith ankachita zimenezo m'thupi la munthu, ndipo dokotala ankalowetsa mpeni akudziwa kumene akupita.

Chinthu chachiwiri chimene anachilimbikitsa chinali chowawa kwambiri. Minda ya ku France kumene asilikali ankamenyerana inali yothiridwa manyowa kwa zaka zambiri, ndipo dothi lake linali lodzaza tizilombo timene tikalowa m'bala lakuya timaoletsa mnofu n'kumatulutsa mpweya mkati mwake. Madokotala amatcha matendawa gas gangrene. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini, ndipo munthu ankatha kufa pamasiku ochepa chabe. Edith anaona kuti mpweyawo umaoneka pachithunzi cha X-ray ngati timizere ndi timadontho takuda pakati pa minofu. Chithunzi chikaonetsa zimenezo, dokotala ankadziwa kuti nthawi yodikira yatha: mwendo kapena mkono udulidwe kuti mwini wake apulumuke. Si uthenga umene munthu angakonde kupereka, koma asilikali ambiri anabwerera kwawo ndi ndodo m'malo mwa bokosi chifukwa cha zithunzi zimenezo.

Chakumapeto kwa 1915, gulu lake linalamulidwa kutsagana ndi asilikali a France kupita ku Serbia. Edith anadziwiratu kuti kumene akupitako magetsi kulibe, ndipo makina a X-ray opanda magetsi ndi katundu wolemetsa chabe. Asananyamuke anagula injini yaing'ono yopukusa magetsi ku Paris. Atafika ku Gevgelija, tauni imene lero ili m'dziko la North Macedonia, anapatsidwa fakitale yakale ya ulusi wa silika kuti ikhale chipatala. Injini ija inayendetsa makina a X-ray, ndipo inawalitsanso chipatala chonse. Aliyense amene anagonekapo m'bale wake usiku wa mdima magetsi atazima angamvetse kuti chimenechi sichinali chinthu chaching'ono.

Sanakhalitseko. Asilikali a Bulgaria anali kuyandikira, kunja kukuzizira mpaka zala za asilikali kuuma, ndipo patangotha milungu yochepa chipatala chinapasulidwa n'kubwerera ku Salonika, doko la ku Greece limene lero limatchedwa Thessaloniki. Kumeneko anaimika matenti pamalo otsika ndi alowe pafupi ndi nyanja. Adani a ku Salonika ndi odziwika bwino kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi: malungo ndi kamwazi, zimene zinagwetsa asilikali ochuluka zedi. Edith analumikizanso mawaya, nayambitsa nthambi yothandiza minofu ya ovulala ndi magetsi, ndipo makina a X-ray a zipatala zina akavuta ankaitanidwa kukawakonza.

Amene anagwira naye ntchito anamufotokoza ngati mayi wochepa thupi, wa imvi, wooneka wofooka koma wosatopa, wonyamula katundu wolemera yekha ndi wokwera pamwamba kukamanga mawaya mphepo ikuwomba. Anatinso sanali wophweka kukhala naye. Sankapirira ulesi kapena ntchito yongopaka, ndipo mawu ake ankaluma. Mwina n'zoona kuti anali waukali, koma ndi bwino kukumbukira kuti kulakwitsa pang'ono pamuyeso wake kunkatanthauza mpeni wolowa pamalo olakwika, ndiponso kuti mwamuna wa khalidwe lomwelo akanangotchedwa wolimba mtima.

Mu Okutobala 1917 anabwerera ku France kukayang'anira nthambi za X-ray pazipatala ziwiri za bungwe lija, china m'nyumba yakale ya amonke ku Royaumont, china pafupi ndi malo omenyanirana ku Villers-Cotterêts. Mu 1918 Ajeremani atayamba kukankha mwamphamvu, chipatala cha Villers-Cotterêts chinasamutsidwa mwachangu, ndipo Edith anapasulanso makina ake n'kuthawa nawo monga anachitira ku Serbia. Ovulala onse anakhamukira ku Royaumont, kumene m'mwezi wa Juni wokha nthambi yake inajambula anthu koposa ka 1,000. M'zaka zomwezo Marie Curie anali kuyendetsa magalimoto ake onyamula makina a X-ray m'dziko lomwelo. Dzina la Curie dziko lonse likulidziwa, ndipo m'pake; la Stoney linatsalira m'mabuku a zipatala.

Nkhondo itatha, France inamupatsa mendulo ya Croix de Guerre, Serbia inamupatsa ya St Sava, ndipo Britain, imene inamubweza pakhomo mu 1914, inamupatsa mamendulo ake a nkhondo. Iye anabwerera m'kalasi, n'kuphunzitsa fizikisi ku King's College for Women ku London mpaka anapuma mu 1925. Anasamukira ku Bournemouth, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kukakhala ndi Florence, amene anadwala khansa n'kumwalira mu 1932.

Ntchito imene Edith anaiyamba yakula kuposa mmene akanaganizira. Lero katswiri wa fizikisi ya zachipatala ndi amene amawerengetsa kuchuluka kwa cheza choti chiotche chotupa cha khansa popanda kuwononga ziwalo zoyandikana nacho, ndipo chipatala sichingayambe chithandizo chotere popanda iye. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika chithandizochi ankatumizidwa ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ndipo ambiri ankamwalira akudikira ulendo. Chipatala cha khansa chimene chamangidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene odwala a ku Salima amatumizidwa, chidzayenda bwino malinga ndi kupezeka kwa anthu a masamu ndi fizikisi oyeza makina ake tsiku ndi tsiku, osati kukongola kwa nyumba kokha.

Edith ankadziwa kuti anthu otere sagwa kuchokera kumwamba. Anali msungichuma wa bungwe la akazi ophunzira ku yunivesite ku Britain kuyambira 1909 mpaka 1915, ndipo atakalamba anapereka chuma chake kuti chithandize akazi achitsikana a sayansi. Mu 1936 anakhazikitsa thumba la maphunziro m'dzina la bambo ake ndi la Florence, lothandiza akazi kukachita kafukufuku m'maiko a Australia, New Zealand ndi South Africa. Dzina lake iye mwini sanaliikepo.

Anamwalira ku Bournemouth pa 25 Juni 1938 ali ndi zaka 69, ndipo magazini akuluakulu a sayansi ndi a zachipatala, Nature ndi The Lancet, analemba za imfa yake. Yunivesite ya Cambridge inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1948, iye atagona m'manda zaka 10, ndipo patatha zaka 55 chikhozereni mayeso ake a masamu.