James Marsh, munthu amene anapita ndi redox kukhoti

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, tisanamizane, ambirife mutu wa redox timaunyinyirika. Aphunzitsi akangoyamba kulemba maelekitironi pabolodi, ena amayamba kuwodzera, ena n'kumadzifunsa chamumtima kuti kodi zimenezi tidzadyerapo chiyani. Inenso ndinali m'gulu lomwelo. Ndiye sabata ino ndakulemberani mbiri ya bambo wina wa ku England amene anatenga redox yomweyi n'kuisandutsa mboni pa milandu yakupha. Dzina lake ndi James Marsh.

Marsh anabadwa mu 1794. Ntchito yake ankagwirira ku Woolwich, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames kum'mawa kwa London, komwe kunali Royal Arsenal, malo opangira mizinga ndi zipolopolo za asilikali a Britain. Iye anali katswiri wa chemistry pamalopo, ndipo anakonzapo tizipangizo toyatsira mabomba ndi mizinga. Kuyambira 1829 ankathandizanso Michael Faraday, uja wa magetsi ndi maginito, pa sukulu ya asilikali yotchedwa Royal Military Academy. Wotchuka anali Faraday. Marsh anali uja wokonza zipangizo, wolandira masheleni 30 pa sabata basi.

Kuti mumvetse chimene anachita, muyambe mwadziwa mdani amene ankalimbana naye. Masiku amenewo ufa woyera wa arsenic trioxide unkagulitsidwa motchipa m'masitolo ngati mankhwala ophera makoswe. Ulibe fungo, ndipo ukathiridwa m'chakudya munthu saumva kukoma kwachilendo. Wodyayo amasanza, kutsekula m'mimba, kupotokola, kenako n'kumwalira. Mwaona zizindikirozo? N'zofanana ndi za kolera, ndipo kolerayo anali atangolowa kumene ku Britain mu 1831. Dokotala akanatha kunena kuti ndi matenda, maliro n'kuikidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku France poizoniyu anachita kumupatsa dzina loti ufa wa chuma chamasiye, chifukwa ena ankathana nawo achibale olemera amene akuchedwa kufa.

Mu Novembala 1833, ku Plumstead, kufupi ndi Woolwich, mlimi wina wolemera wa zaka pafupifupi 80, George Bodle, anamwa khofi wam'mawa n'kuyamba kudwala. Ena a m'nyumbamo amene anamwako anadwalanso koma anachira. Mkuluyo anamwalira. Anthu anakayikira mdzukulu wake, John Bodle, ndipo Marsh anaitanidwa kuti ayeze khofiyo ndi za m'mimba mwa womwalirayo.

Anagwiritsa ntchito njira imene inalipo nthawiyo. Ankalowetsa mpweya wa hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati dzira lovunda, m'madzi okayikitsawo. Ngati muli arsenic, pansi pamadikha zinthu zachikasu. Zachikasuzo zinaonekadi, ndipo Marsh anadziwa kuti poizoni analimo. Koma pofika tsiku la mlandu zinali zitawonongeka, maonekedwe atasintha. Ogamula mlanduwo anali a jury, anthu wamba osadziwa chemistry, ndipo zimene anaonetsedwazo sizinawagwire mtima. John Bodle anamasulidwa. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma apa umboni ndi umene unawola. Chowawa kwambiri n'chakuti patapita zaka, John yemweyo anadzavomera yekha kuti anapha agogo ake.

Tangoganizani mmene Marsh anamvera. Yankho wapeza lolondola, koma walephera kulionetsa. Zili ngati kukhoza samu m'mutu, n'kulembera pa pepala lonyowa. Vuto silinali kupeza poizoni kokha ayi. Ankafunika umboni wosawola, woti munthu wamba aone ndi maso ake, augwire m'manja, ngakhale patapita miyezi. Ndiye anaganiza zoti m'malo mosandutsa arsenic kukhala chinthu china cha mtundu wokongola, amutulutse iye mwini, payekha, osasakanikirana ndi kanthu.

Apa ndi pamene redox ikulowa, ndiye musathawe. Kale mu 1775, katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anali atapeza kuti arsenic akakumana ndi zinki ndi asidi pamatuluka mpweya wotchedwa arsine. Marsh anatenga nzeru imeneyi n'kuipangira chida. Chinali kachubu ka galasi kopindika ngati chilembo cha U, mkono wina wautali, wina waufupi wokhala ndi kampopi kumapeto. Mu mkono waufupiwo ankaikamo kachidutswa ka zinki. Kenako ankathira zoyezedwazo, kaya ndi khofi, kaya ndi za m'mimba, zitasakanizidwa ndi sulphuric acid wosungunula.

Zinki ndi chitsulo chosaumira maelekitironi. Atomu iliyonse imataya 2, oxidation number yake n'kuchoka pa 0 kufika pa +2. Kutaya kumeneko ndiye oxidation. Maelekitironi otayidwawo sangoyandama, pamafunika wowalandira. Ngati mulibe poizoni, amalandira ndi hydrogen wa mu asidi, ndipo pamatuluka mpweya wa hydrogen wokhawokha. Koma ngati muli arsenic, nayenso amalandira. Mu ufa woyera uja iye ali pa +3, ndipo amatsika mpaka -3, kutanthauza maelekitironi 6 pa atomu iliyonse. Kumeneko ndiye reduction. Equation yake nayi, okonda kukopera koperani:

As2O3 + 6Zn + 6H2SO4 → 2AsH3 + 6ZnSO4 + 3H2O

Yesani kuwerengetsera. Maatomu 6 a zinki ataya 12, maatomu 2 a arsenic alandira 12. Palibe latayika, palibe labedwa.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti AsH3 ndi mpweya. Poizoni uja anabisala m'khofi, m'magazi, m'zakudya zogayika theka, tsopano wanyamuka yekha n'kusiya zonyansa zonse pansi. Mpweyawo ukadzadza, Marsh ankatsegula kampopi n'kuyatsa, kenako n'kuika mbale yozizira yadothi loyera kapena galasi pa lawilo. Hydrogen ankapsa n'kusanduka madzi. Arsenic ankachoka pa -3 kubwerera pa 0, n'kumata pa mbaleyo ngati banga lakuda lonyezimira, lomwe anthu anadzalitcha kalilole wa arsenic. Banga limeneli silinkawola. Njirayi inkatha kugwira kachigawo kochepa kwambiri, ngakhale 0.02 mg, kosaoneka n'komwe ndi maso.

Pano ndichenjezeretu aja okonda kuyesayesa zinthu kuseri kwa kalasi: arsine ndi mpweya wakupha, ngakhale pang'ono pokha. Izi n'zowerenga, si zokayesa.

Marsh anasindikiza njira yakeyi mu 1836, ndipo bungwe la Society of Arts linamupatsa mendulo yagolide. Koma musaganize kuti inali yopanda chilema. Antimony nayenso amapanga banga lofanana, moti munthu wosalakwa akanatha kupachikidwa chifukwa cha mankhwala amene dokotala anapereka, pakuti nthawiyo antimony ankapezeka m'mankhwala osanzitsa. Akatswiri anadzapeza kuti banga la arsenic limasungunuka mu sodium hypochlorite, amene amapezeka mu blichi, pamene la antimony limatsala. Vuto lina linali zinki ndi asidi omwewo. Nthawi zina ankabwera ali kale ndi arsenic pang'ono, ndiye woyeza wosasamala akanatha kupeza poizoni amene wabweretsa yekha. N'chifukwa chake ankayamba ayatsa chidacho chopanda zoyezedwa, kuti aone ngati mbale ikhala yoyera. Aphunzitsi akamalimbikira za control experiment, nkhani yake ndi imeneyi, kungoti kuno wolakwitsa amangotaya malikisi.

Mlandu umene unatchukitsa dzina la Marsh sunachitike kwawo. Unachitikira ku France mu 1840, m'tauni ya Tulle. Mayi wina wachitsikana, Marie Lafarge, ankaimbidwa mlandu wopha mwamuna wake Charles, amene anamwalira mu Januwale chaka chomwecho. Akatswiri a m'derali anayesa njira ya Marsh pa thupi la womwalirayo koma sanapeze kanthu, ndipo omuikira kumbuyo mayiyo anayamba kusangalala. Khoti linaitana Mathieu Orfila kuchokera ku Paris, amene anali katswiri wamkulu wa za poizoni ku France. Iye anabwereza kuyezako ndipo banga linaoneka. Njira inali yomweyo, anasiyana ndi manja oigwiritsa ntchito. Marie anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Nyuzipepala za ku Ulaya zinalemba nkhaniyi tsiku ndi tsiku, anthu anagawikana, ndipo mpaka lero alipo amene amakayikira ngati mayiyo analidi wolakwa. Ine ndimaona kuti kukayikako kuli ndi malo ake. Kalilole uja amangonena kuti arsenic analimo. Sanena amene anathira.

Marsh mwini wake sanalemere nazo. Anapitiriza ntchito yake ku Woolwich komweko mpaka pamene anamwalira pa 21 Juni 1846, ali ndi zaka 51, n'kusiya mkazi ndi ana opanda chuma chodalira. Patapita zaka 5, mu 1851, Nyumba ya Malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lokhudza kagulitsidwe ka arsenic. Wogulitsa ankayenera kulemba dzina la wogula m'buku, ndipo ufa woyera uja ankayenera kuusakaniza ndi mwaye kapena utoto wabuluu wa indigo, kuti ukathiridwa m'khofi kapena m'phala uzionekera.