Samora Machel: Namwino Amene Anakhala Mtsogoleri wa Mozambique

Usiku wa pa 19 Okutobala 1986, ndeke imene inanyamula mtsogoleri wa dziko la Mozambique, a Samora Moisés Machel, inagwa m'mapiri a Lebombo pa Mbuzini ku South Africa. Iwo anali kucokera kuno ku Zambia, ku msonkhano wa ku Mbala, kumene anakumana ndi a Kenneth Kaunda, a José Eduardo dos Santos ndi a Mobutu Sese Seko. Anthu 35 anamwalira pa ngoziyo, kuphatikizapo a Machel, amene anali ndi zaka 53.

A Machel anabadwa pa 29 Seputembala 1933 ku Chilembene m'cigawo ca Gaza, m'banja la alimi. Anagwira nchito ya unamwino mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Mu 1963 anasiya cipatala nalowa gulu la FRELIMO ku Tanzania, ndipo anakaphunzira za nkhondo ku Algeria. A Eduardo Mondlane ataphedwa mu 1969, a Machel anasankhidwa kutsogolera gululi mu 1970.

Njira ya ufulu wa Mozambique inadzera m'Zambia. Asilikali a FRELIMO anali kulowera kuno popita kukamenyana ndi Apwitikizi ku Tete, ndipo pangano lothetsa nkhondoyo linasainidwa mu Lusaka pa 7 Seputembala 1974. Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, koma mtendere sunakhalitse, popeza zigawenga za RENAMO zinabutsa nkhondo ina mothandizidwa ndi Rhodesia, kenaka South Africa.

Pa ulendo wao wotsiriza, ndekeyo, ya mtundu wa Tupolev 134, inakhotera kumanja itayandikira Maputo, nitsika mumdima mpaka kuomba phiri. Komiti ya woweruza Cecil Margo ya ku South Africa inati oyendetsa ndiwo analakwa, cifukwa sanamvere belu locenjeza kuti nthaka ili pafupi. Akatswiri a ku Soviet Union anatsutsa, nati ndekeyo inasoceretsedwa dala ndi makina otumiza zizindikiro zonyenga.

Pa Mbuzini pali cikumbutso ca mapaipi acitsulo 35 amene amalira mphepo ikaomba. Kuno kwathu, sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia mu Lusaka imachedwa ndi dzina lao.