Henry Darcy

Henry Philibert Gaspard Darcy (10 Juni 1803 – 3 Januwale 1858) anali injiniya wa ku France yemwe anafikitsa madzi aukhondo mumzinda wa Dijon. Dzina lake lili pa lamulo la Darcy, lomwe limafotokoza momwe madzi amadutsira mumchenga, m'dothi ndi m'zinthu zina zokhala ndi timipata ting'onoting'ono.

Anabadwira ku Dijon. Bambo ake anamwalira mu 1817, iye ali ndi zaka 14. Mu 1821 analowa sukulu ya École Polytechnique ku Paris, kenako École des Ponts et Chaussées. Anakwatira Henriette Carey mu 1828.

Pa nthawiyo anthu a ku Dijon ankamwa madzi a m'zitsime zauve. Darcy anamanga ngalande yotseka pamwamba, yotalika makilomita oposa 12, kuchokera ku kasupe wa Rosoir. Madziwo ankatsetsereka okha popanda pampu, ndipo anafika mumzindawo mu 1840.

Cha mu 1855, thanzi lake litayamba kufooka, anayesa kusefa madzi pa chipatala china ku Dijon pamodzi ndi Charles Ritter. Anathira mchenga m'paipi yoimirira, nkumayeza madzi otuluka pansi. Anapeza kuti mphamvu yokankha madzi ikawirikiza kawiri, madzi odutsa amawirikizanso kawiri, koma mchengawo ukachindikala kawiri, amatsika ndi theka. Analemba zimenezi mu 1856, chakumapeto kwa buku lake lalikulu la Les fontaines publiques de la ville de Dijon. N'zodabwitsa kuti kagawo kakang'onoko ndi komwe kanam'tchukitsa.

Mchenga wa Darcy sunkaphwanyika ukapanikizidwa. Matope a m'madzi onyansa ndi osiyana. Akamasefedwa pansalu amaunjikana nkupanga chibuma chofewa, ndipo akapanikizidwa, mbali yokhudza nsalu imathinana kwambiri mpaka timipata take timatsekeka. Choncho kuonjezera mphamvu ya pampu sikuonjezera madzi monga lamulo lija likunenera. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1900, monga Frank Tiller wa ku America, sanalitaye lamuloli. Anagawa chibumacho m'timagawo topyapyala, nkumawerengetsera kagawo kalikonse pakokha malinga ndi kuthinana kwake.

Darcy anamwalira ndi chibayo ku Paris ndipo anaikidwa m'manda ku Dijon. Muyeso wa momwe thanthwe kapena dothi limalolera madzi ndi mafuta kudutsa umatchedwa darcy.